Amene Anathyola Fodya wa Abambo

Cape Town
12 Januwale 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwinoko. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima uli kwanuko ku Kapelula. A malume a Fredson anandiimbira kundiuza kuti abambo anagwa m'munda, ndipo dzanja ndi mwendo wa kumanja zafooka. Akuti anatuluka m'chipatala. Kodi akutha kudya okha? Akulankhula? Mundiuze zonse, musandibisire poopa kuti ndisokonezeka ndi sukulu. Ndikanakuimbirani, koma tonse tikudziwa kuti makutu anu ndi foni sizimwerana madzi. Ndiye tizingolemberana. Mayi Fainala, amene amadzapikula zovala kuno aja, avomera kumatinyamulira makalata akamakwera basi.

China chimene chikundisowetsa mtendere ndi fodya. Mwezi uno masamba a pansi ayamba kupsa, ndipo fodya sadikira wodwala. Ndikungodzifunsa kuti kaya athyole ndani, asoke ndani, akwere pa mikangala ndani.

Munandifunsa kuti kwenikweni ndikuphunzira chiyani kuno. Ndiyese kufotokoza. Pali chinenero china chotchedwa Lojban. Si cha mtundu uliwonse wa anthu ayi. Anthu anachita kukhala pansi n'kuchipanga, ngati mmene mmisiri amakhomera mpando, n'cholinga choti mawu akalumikizidwa pasamakhale kukangana kuti alumikizana bwanji. Ine andipatsa kachigawo kakang'ono kuti ndifufuze. Pali kufunsa kolunjika, monga "Wabwera ndani?" Iwo amati "ma klama". Ndiye pali funso lina lobisala m'mimba mwa mawu ena, monga munthu akati, "Ndikudziwa kuti wabwera ndani." Apa sakufunsa, koma funsolo lilimo, yankho lake walisunga m'thumba. Funso lotereli m'chinenerochi amaliika chizindikiro, kamawu koti "kau". Ntchito yanga ndi kufufuza kuti munthu akalankhula chonchi wanena chiyani kwenikweni. Ndikudziwa kuti museka, kuti mwana wanu anadutsa mayiko atatu kukaphunzira kamawu ka zilembo zitatu. Sekani ndithu, nanenso masiku ena ndimadziseka.

Chomaliza, ndipo ndichinena kamodzi kokha. Za banja langa ndi Gomezgani ndaziika m'manja mwa a malume, poti ndiwo nkhoswe yanga. Munthu anandiuza maso ndi maso kuti ndikakwera basi ya kusukulu ndisadzamupezenso. Ku depoti sanandiperekeze. Miyezi khumi ndi umodzi yatha ali chete! Ndatopa, Amayi. Chonde m'makalata anu musanditchulire za iye, kaya dzina lake, kaya nkhani yake. Ndikangoona zimenezo kalatayo sindimaliza kuwerenga.

Mundipatsire moni abambo, muwagwire dzanja lodwalalo m'malo mwanga.

Mwana wanu,
Tithokoze


Kapelula
2 Febuluwale 2025

Mwana wanga Titho,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yako ndinalandira, ndipo ndinawawerengera abambo ako mokweza mpaka nkhuku zinabalalika, poti ine mwini sindimva kuti ndikukuwa.

Abambo ako akupezako. Akudya ndi dzanja lamanzere, theka m'kamwa theka pa malaya, koma akudya. Mawu akubwera amodziamodzi. Ukudziwa mawu oyamba amene anatuluka? Si dzina langa ayi, ine wa zaka makumi atatu ndi zisanu pakhomo pano. Anati, "Fodya." Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinalira zenizeni.

Tsono za fodyayo usade nkhawa, Mulungu sataya wake. Kukubwera munthu. Tsiku loyamba ndinangopeza masamba ataunjikidwa bwinobwino m'chigafa. M'kati mwa sabata amafika dzuwa litapendeka, Loweruka amalawirira mame asanaume. Amathyola okha, amasoka okha, amakwera okha pa mikangala. Kasokedwe kake, mwana wanga! Mfundo zonse n'zofanana, palibe tsamba logwa. Abambo ako anaumirira kuti ndiwagwirize akaone. Anagwira chingwe chimodzi, nachikoka, nachikokanso, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Manja awa anabadwira m'fodya."

Ine nkhope yawo sindiyang'ana. Ndikawaona akutulukira pa njira ya kuchitsime ndimapatukira m'chimanga mpaka adutse. Thobwa ndi maungu ndimakaika pa chitsa chija cha kuseri kwa chigafa n'kubwerera msanga, mbale ndimakatenga iwo atapita. Zambiri sindinganene, pakamwa panga ndi pomangidwa. Ungodziwa kuti m'mapemphero anga a tsiku lililonse munthuyu alimo.

Odzazonda matenda akubwera ambiri. A Tsoka a kutsidya kwa dambo anabweranso kachiwiri, koma kuzonda kwawo kunakathera pa dimba lathu lija. Akuti poti mwini wake wagona, tiwabwereke. Ndinangokhala ngati sindinamve. Ugonthi nawonso uli ndi phindu lake.

Za "kau" wakoyo ndawerenga kawiri. Ndiye kuti anthu ophunzira anachita kupangira chizindikiro chinthu chimene ife timachita tsiku ndi tsiku? Ine ndikafuna kudziwa ngati abambo ako agulitsa mbuzi mobisa sindiwafunsa. Ndimangoti, "Kaya mbuzi yofiira ija yagona kuti." Eni ake amaulula okha. Uwauze aphunzitsi akowo abwere kuno, ndiwaphunzitse ulele.

Ngati ungathe, unditumizireko timabatire ta kachipangizo ka m'khutu kaja. Tinatha kalekale, ndipo kuno sitipezeka. Uzidya, usamangodya mabuku.

Ndine mayi ako,
Ennie Naphiri


Cape Town
20 Febuluwale 2025

Okondedwa Amayi,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Kumva kuti abambo akudya ndi kulankhula kwandipeputsa mtima kwambiri. Timabatire ndaika mu envulopu momwemu, mutsegule mosamala tingagwere m'mchenga.

Koma Amayi, nkhani ya munthu wa kuchigafayo yandikwiyitsa, ndipo ndisakubisireni. Ndikudziwa amene akuchita zimenezi. Dzina sindilemba, chifukwa kalata imadutsa m'manja ambiri, ndipo otinyamulirawa ali pa chibale ndi theka la mudzi. Koma ndikumudziwa, ndipo ndikudziwa chimene akufuna. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu sakhetsa thukuta chonchi pa munda wa eni popanda chimene waloza. Akufuna mawa adzaime pa bwalo n'kunena kuti, "Nthawi ya mavuto ndinalipo ndine, tsopano ndipatseni changa." Chimene akufunacho sadzachipeza ine ndili moyo.

Ndipo zandipweteka kuwerenga kuti mayi anga akuthawira m'chimanga pakhomo pawo pomwe, akuika chakudya pa chitsa ngati akudyetsa chilombo. Inu pakamwa panu amangapo ndani? Ayi, Amayi, zimenezi zithe. Muwauze a malume akamuuze munthuyo kuti zikomo pa zimene wachita, koma asapondenso pakhomopo. Anene kuti mawuwa achokera kwa ine, Tithokoze, kuti inu asakuvutitseni. Fodya wotsalayo tipeza aganyu, ine ndiyesetsa kuno.

Mwina mudabwa kuti ndadziwa bwanji ndili kutali chonchi. Ndi sukulu yomweyi, Amayi, yatiphunzitsa kumva ndi zimene munthu sananene. Sabata yatha ndinaima kutsogolo kwa anzanga kufotokoza kafukufuku wanga, ndipo chitsanzo ndinatenga kwanu komweko. Ndinalemba pa bolodi kuti "mi djuno lo du'u ma kau sidju", kutanthauza kuti, "Ndikudziwa amene akuthandiza." Aphunzitsi anga, mayi wina wa imvi wosapupuluma, anandifunsa kuti, "Anthu awiri akanena mawu amenewa, aliyense payekha, kodi ndiye kuti akudziwa chinthu chimodzi?" Ndinayankha msangamsanga kuti inde, poti wothandizayo ndi mmodzi ndipo choonadi n'chimodzi. Anangomwetulira n'kunena kuti ndikaganizenso. Sindikuona choganizanso pamenepa, koma aphunzitsi ndi aphunzitsi.

Chonde chitani zimene ndapemphazi msanga. Mundiuze ngati abambo ayamba kuponda ndi mwendo uja.

Mwana wanu,
Tithokoze


Kapelula
16 Marichi 2025

Titho,

Moni mwana wanga. Kalata yako inachedwa, a Fainala anakhalitsa pa chipata ndi katundu wawo. Yafika sabata yatha. Timabatire talowa bwino, zikomo kwambiri, Mulungu akudalitse. Kungoti ndinayamba kumva bwino tsiku lomwe ndikanakonda kukhala wosamva.

Ndinawerenga kalata yako katatu. Ndinkafuna ndiibise pansi pa mphasa, ndinene kuti inatayika pa njira. Koma sindinakunamizepo chibadwire chako, sindingayambe ndi imvi. Wanena kuti ukuwadziwa. Wanena kuti chimene akufuna sadzachipeza. Ngati wanena ukudziwa, ine ndinganenenso chiyani? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatuma mawu kwa a malume ako monga unanenera, osachotsa, osawonjezera.

A malume ako anabwera Loweruka n'kupeza munthu uja ali m'munda. Ine ndinali patali, ndinangoona akuvula chipewa n'kumvetsera mutu uli pansi. Sanachoke nthawi yomweyo. Anamaliza kaye mizere inatsalayo, masamba a kunsonga onse, n'kusoka, n'kupachika. Anasesa m'chigafa. Anakonza ndi pamene denga linkadontha. Mbale yanga anaitsuka n'kuivundikira pa chitsa, chinthu chimene sanachitepo. Atatero anakwera njinga yawo. Sanabwerenso.

Aganyu safunika, m'munda mulibenso tsamba. Fodya yense ali m'chigafa, akuuma bwino, mtundu wake ngati uchi. Zaka zonse talima pano sitinakhalepo ndi fodya wokongola chonchi, chaka chimene mwini munda sanathyole ndi tsamba limodzi lomwe. Chatsala ndi kusankha ndi kudinda mabelo. Kusankha ndiyesa ndekha pang'onopang'ono. Za jeke wodindira sindidziwa, tiona.

Abambo ako ayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pa khonde. Masana aliwonse amakhala pamenepo kuyang'ana njira ya kuchitsime. Ndinawauza zimene unalamula. Mawa lake anandiitana n'kunena kuti, "Ine ndinalakwa kale. Mwana walakwa lero." Misozi inali mbwembwembwe. Sindinawaonepo abambo ako akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo.

Sindikukudzudzula, Titho. Mtima ndi wako, ndipo ndiwe unamva kuwawa kwake. Koma ine ndiyamika mpaka kumanda, ndipo zimenezo sungandiletse.

Mayi ako,
Ennie Naphiri


Njombwa
17 Epulo 2025

Iwe Tithokoze,

Moni ndikupatsa chifukwa ndi mwambo, koma ukanakhala pafupi khutu lako ndikanalipotokola. Kalatayi ndalemba pamanja n'kuijambula pa foni kuti ikupeze lero lomwe. Nkhani za banja ine sindikamba pa foni ngati ndikuitanitsa feteleza.

M'mawa uno wanditumizira uthenga wakuti, "Malume, kodi a Tsoka anasiya kuvutitsa amayi kuchigafa?" Ndawerenga ndili pa njinga, pang'ono ndigwere m'ngalande. A Tsoka? A Tsoka amene fodya wawo yemwe anawolera m'munda chifukwa cha ulesi? Mwana iwe! Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Tsono tchera khutu, ine pakamwa panga sanamangepo munthu. Amene anathyola fodya wa abambo ako, tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndi mwamuna wako Gomezgani. Amaweruka kusukulu kuno ku Njombwa, choko chili m'manja, n'kupalasa njinga mpaka ku Kapelula. Miyezi iwiri yathunthu.

Unakulira kuti iwe? Mayi wachichewa akamapatukira m'chimanga poona mwamuna akubwera, akamaika chakudya pa chitsa osapereka pamanja, akamalephera kutchula dzina, ndiye kuti akuopa chigawenga? Amenewo ndi apongozi! Ndi ulemu umenewo. Mwana wa sitandade wanu amadziwa. Mlongo wanga anakulembera zonse poyera, anangosiya dzina lokha. Akanatchula bwanji? Mkamwini satchulidwa dzina ndi apongozi ake, nkhani inali kale m'manja mwa ankhoswe kumene makolo salowererako, ndipo iwe mwini unalamula kuti ukangoona za iye kalata suwerenga. Zingwe zitatu pakamwa pa munthu mmodzi. Ndiye iwe n'kubwera ndi "ndikudziwa, ndikudziwa". Tonse tinakhulupirira kuti ukudziwadi.

Ndikudziwa chimene chinakusocheretsa. Unkati Gomezgani sangakhudze fodya. Zoona, analumbira. Anakulira pa esiteti, mwana wa matenanti ochokera ku Mzimba, ankasiyira sukulu pakati chaka ndi chaka kuti akasoke fodya wa bwana, ankasanza ndi fungo la masamba a mame. Ndipo sunaiwale zimene abambo ako ananena pamene tinkakambirana za ukwati wanu, kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi mwana wa tenanti. Iyenso sanaiwale. Koma atamva kuti a Lemani, abambo akowo, agwa anabwera kwa ine n'kunena kuti, "Fodya uja awola. Ndikathyole, koma Titho musamuuze, angaganize kuti ndikufuna kumugula ndi thukuta." Masiku oyambirira ankasanza kuseri kwa chigafa ngati kale, n'kupukuta pakamwa, n'kubwerera mu mzere.

Nditamufikitsira mawu ako anangoti m'chinenero cha kwawo, "Yewo, ndapulika," kutanthauza kuti zikomo, wamva. Sabata yomweyo anakapempha kuti amusamutsire ku Chitipa, ndipo amulola. Lole ya katundu wake ibwera pa 28. Ife ankhoswe a mbali zonse ziwiri tagwirizana kukumana kwa abambo ako Loweruka pa 26 Epulo kuti timasule banjali, monga unapempha.

Usaganize kuti ndikumuyeretsa. Mawu amene anakuuza pochoka anali a uchitsiru, ndipo kukhala chete chaka chathunthu ndi uchitsiru wina pamwamba pake. Ndinamuuza pamaso. Akuti ankaopa kuti ukakaphunzira kwambiri udzamuona ngati mmene abambo ako anamuonera, ndipo atazindikira kulakwa anasowa poyambira. Mbuzi ziwiri zinakwatirana, ine n'kukhala nkhoswe yake.

Ukuphunzira chinenero chopanda mudzi, chopanda maliro, chopanda apongozi. Phunzira, sindikuletsa. Koma kwathu kuno timati safunsa anadya phula. Makalata onsewa, ndi liti unalembapo mawu awiri okha akuti, "Amayi, ndani?"

Watsala ndi masiku asanu ndi anayi. Nambala yake anasintha, ndipo wandiletsa kupereka. Ngati uli ndi mawu, lemba, ujambule, ine ndikasindikiza pa boma n'kukamupatsa pamanja. Ngati ulibe, undiuzenso, ndikavale jekete langa la milandu.

Malume ako,
Fredson


Cape Town
18 Epulo 2025

A Gome,

Sindikudziwa ngati mundilola kukupatsani moni, koma ndikupatsani. Muli bwanji? Manja anu ali bwanji?

A malume andiuza zonse dzulo. Ndinawerenga kalata yawo ndili mu laibulale, ndipo ndinatuluka mothamanga chifukwa anthu anayamba kundiyang'ana. Mawu amene anakufikitsirani mwezi watha anachokeradi kwa ine, sindikana. Koma sindinkanena inu. Ndinkaganiza kuti wobwera kuchigafa ndi a Tsoka, ndipo chimene akufuna ndi dimba la abambo. Inu simunandidutse n'komwe m'mutu, chifukwa ndimakumbukira tsiku lija tikudutsa pa esiteti munakulira, mutatseka mphuno ndi mpango, mukundiuza kuti bola kufa kusiyana n'kugwiranso tsamba la fodya. Amayi anandilembera zonse, ine n'kuwerenga ndi mkwiyo m'malo mwa maso. Manyazi andigwira, ndipo ndapepesa.

Zikomo, a Gome. Zikomo chifukwa cha tsamba lililonse. Zikomo chifukwa cha denga la chigafa. Zikomo kuti munapita kukagwira ntchito imene mumadana nayo, pa munda wa munthu amene anakunyozani, chifukwa cha mkazi amene sankakulankhulani. Ngakhale mutasankha kupita ku Chitipa, zikomoyu ndi wanu, mupite naye.

Mumandiseka kale kuti ndikukaphunzira chinenero cha anthu opanda kwawo. Lero m'mawa ndinapita kwa aphunzitsi anga kukabweza yankho limene ndinawapatsa. Anandifunsa tsiku lina ngati anthu awiri onena kuti "ndikudziwa amene akuthandiza" amakhala akudziwa chinthu chimodzi. Ndinati inde. Lero ndawauza kuti mawuwo amakhala oona pokhapokha dzina limene munthu wasunga m'thumba lili lolondola, ndipo womvera alibe njira yoonera m'thumbamo. Amayi ankadziwa. Ine ndinkangoyesa kuti ndikudziwa, koma polankhula tinkamveka chimodzimodzi. Anandikumbutsa kuti m'chinenerochi munthu ukhoza kutulutsa dzinalo n'kuliika pamalo pa funso, chizindikiro chija chili pomwepo. Ndinatenga choko n'kulemba kuti "mi djuno lo du'u la .gomez. kau sidju". Ndiye kuti, "Ndikudziwa kuti ndi Gome amene anathandiza." Anandifunsa kuti Gome ndani. Ndinati ndi amuna anga.

Sindinama kuti zonse zapola. Mawu anu a tsiku lija amandiwawabe. Ndinakhala pa depoti maola atatu ndikuyang'ana pa geti, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndataya katundu. Sukulunso sindisiya, ndimaliza mu Disembala. Zimenezi muzidziwe.

Chaka chonsechi ndakhala ndikuuza anzanga kuti, "Kaya Gome akuganiza chiyani." Ndauza a malume, ndauza khoma la chipinda changa. Inu nokha ndi amene sindinakufunseni. Lero ndikufunsani molunjika, popanda nkhoswe, popanda kuzungulira.

Kodi mukufuna banja lathu lithe?

Ine sindikufuna.

Mkazi wanu,
Titho


Kapelula
27 Epulo 2025

Mwana wanga Titho,

Moni, moni, moni! A Fainala anyamuka mawa, ndiye ndikulemba mothamanga, ukhululuke zilembo zokhota.

A malume ako akuti sabata yonseyi wakhala ukuwaimbira kufunsa ngati kwabwera yankho. Kunalibe, mwana wanga. Kalata yako anakapereka pamanja, eni ake anangoipinda n'kuika m'thumba la malaya. Ife kuno tinkangoyang'anana. Ine chakudya chinkandikanika.

Dzulo ankhoswe anabwera monga anapangana, a malume ako ndi jekete lawo lija, ndi akulu awiri a kuchimuna. Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuwapatsa thobwa. Abambo ako anakana kukhala m'nyumba. Anavala malaya a kutchalitchi, n'kuyenda okha ndi ndodo mpaka pa mphasapo. Eni nkhani sanaoneke. Tinadikira mpaka mthunzi unasuntha, akulu aja n'kuyamba kuyang'ana mawotchi. Mtima wanga unati basi, zatha.

Ndinati ndisalire pamaso pa alendo, ndinatenga ndowa n'kulowera kuchitsime. Ndili pakati pa njira ndinamva kulira kwa ngolo. Ndiyamike timabatire tako, chifukwa kukanakhala kale ikanandiponda. Nditadzutsa maso, ngolo ya ng'ombe ziwiri, pamwamba pake jeke wodindira fodya, ndipo woyendetsa wake ndi iwo.

Titho, ndinasowa kolowera! Chimanga tinakolola, m'munda muli mbee, palibe ndi phesi lomwe lobisalako. Ndinazungulira uku, ndinazungulira uku, ngati nkhuku yoona kabawi. Mapeto ake ndinangokhala pansi m'mbali mwa njira, n'kutembenukira kutchire, ndowa ili pamiyendo, chisoso chili thoo m'chitenje monse. Ngolo inaima. Ndinamva atsika, n'kuwomba m'manja katatu cha kumbuyo kwanga, mwaulemu wake. Nanenso ndinawomba, osacheuka. Misozi inkagwera mu ndowa.

Nditabwerera ndinaima kuseri kwa nkhokwe n'kumasuzumira. Anagwada patali ndi mphasa. Zimene analankhula ndi ankhoswe sindinamve zonse, ndipo si zanga. Koma ichi ndinamva ndi makutu anga. Abambo ako anakweza dzanja lodwala lija, limene sanalikwezepo chigwere, n'kuwakodola kuti asendere. Anawagwira pa mkono n'kunena mawu amodziamodzi, "Ine ndinati mwana wa tenanti. Ndinalakwa. Mwana wanga." A malume ako anavula jekete n'kulipachika pa nthambi, n'kufunsa ngati thobwa latsala.

Madzulo ake mabelo awiri anali atadindidwa kale. Akulu a kuchimuna aja, amene anabwera kudzamasula banja, anathera kukoka chitsulo cha jeke, thukuta lili kamukamu.

Pa chitsa paja lero ndapeza mbale, pansi pake pali kapepala kolembedwa dzina lako. Sindinawerenge, ngakhale zala zimandiyabwa. Ndakaika momwemu.

Uwathokoze aphunzitsi ako a imviwo. Ndipo ulendo wina ukafuna kudziwa kanthu, undifunse. Dzina sindidzatchulabe, koma ndikhoza kuloza ndi chala.

Mayi ako wokondwa,
Ennie Naphiri


Titho,

Ayi, sindikufuna.

Kalata yanu ndinaiwerenga tsiku lililonse, koma mawu oyankhira ankandithawa, ndiye ndinapita kukabwereka jeke. Wopepesa ndine. Lole ndaibweza. Ndalembera a ofesi ya maphunziro kuti ndisasamukenso, sanandiyankhe. Akakana, ku Chitipa nakonso anthu amakhala, tidzakambirana awiri.

Malizani sukulu. Mundiuze tsiku ndi dzina la basi. Ulendo uno mudzandipeza pa depoti.

Yewo chomene,
Gome